Nambala ya Kamthuthuthu ka a Obed

Mirriam Kamphinda anali atagona chagada pabedi la pakona m'chipatala cha pa Boma ku Ntchisi, dzanja lamanja lili m'chikhakha, koma pakamwa pake panalibe chothyoka. Sajeni Judith Mbewe asanakoke n'komwe mpando, mayiyo anali atayamba kale.

"Lembani, a Sajeni, ndisanayiwale. Dzulo Lachinayi, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ndatsika galimoto ya matola pamphambano, ndikukwera wapansi chitunda cha Kadzamira kupita kushedi kwanga kumene ndimagula soya. Chikwama chili apa, m'khwapa. Ndangomva kumbuyoku vuuu! Ndisanacheuke, wina wagwira lamba wa chikwama. Ine kukakamira, iwo kukoka. Anandikhwekhwereza kuchokera pano mpaka pakhomo paja."

"Anali angati?"

"Awiri, onse atavala zisoti zobisa nkhope. Njinga yake yaikulu, yofiira. Chitunda chonse chija anachimaliza ngati akutsetsereka."

"M'chikwamamo munali chiyani?"

"Ndalama zolipira alimi sabata yonse. Zikanakhala zanga zokha bwenzi ndikungolira ndekha. Zambiri n'za gulu lathu la amayi." Apa anayang'ana kukhoma. "Ndikawauza chiyani anthu amene aja?"

Judith anamusiya kaye apume. Pa zaka khumi ndi zinayi za upolisi anali ataphunzira kuti munthu wovulala ukamuthamangitsa amakuuza zimene ukufuna kumva, osati zimene anaona.

"Ndani ankadziwa kuti munyamula ndalama?"

"Ndani sankadziwa? Lachinayi ndi tsiku lolipira, ngakhale mbuzi za pa Kadzamira zimadziwa. Alimi makumi awiri anali akundidikira pashedi pamodzi ndi Elia, wapasikelo wanga. Iyeyo ndiye anayamba kufika atamva kukuwa. Ataona dzanjali analira ngati wathyoka ndi iye." Mirriam anayesa kudzuka, n'kuluma mano. "Koma anthu aja anaputa olakwika. Ine manambala ndiye ntchito yanga. Ndili pansi pomwepo ndinawerenga nambala ya njingayo, n'kuyilemba pafumbi ndi chala chakumanzere. Ndinakana kunyamulidwa mpaka mlimi wina atayikopera papepala."

Anatulutsa kunsi kwa pilo kachidutswa ka pepala la thumba la shuga.

Pomakwana wani koloko yankho la nambalayo linali litabwera kuchokera ku ofesi yolembetsa galimoto. Bwana wa Judith anangomuponyera pepalalo patebulo n'kunena kuti, "Mwini wake ndi uyu. Obed Chitedze, wa kwa Gwedeza. Kamutengeni."

Judith anayang'ana chaka chimene mwini njingayo anabadwa, n'kuwerengera mumtima. Munthuyo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu.

*

Kwa Gwedeza n'kuseri kwa phiri, ndipo njira yake imagawikagawika pakati pa minda ya fodya yozulidwa. Judith anasochera kawiri ndi njinga yake ya kuntchito asanapeze nyumba ya malata yokhala ndi mpanda wa nkhadze.

A Obed anali pakhonde akutonola chimanga, munthu wowonda wa magalasi onenepa. Anali mlangizi wa zaulimi asanapume pantchito, ndipo tsopano anali mkulu wa mpingo. Akazi awo, a Susana, ankapeta pafupi ndi khitchini. Judith atangotchula njinga yamoto, nkhope ya mkuluyo inawala.

"Kamthuthuthu kanga? Mwachedwa, a Sajeni, kanapita! Masabata atatu apitawo. Ndipo kanapita bwino."

"Munakagulitsiranji?"

"Masowa. Ng'ala." Analoza magalasi. "Ndinagwa nako kawiri mu Malichi."

"Katatu," anatero a Susana osasiya kupeta. "Ndiye ndinabisa kiyi. Chigwereni muja sanatulukeponso pamudzi pano, kupatula kutchalitchi."

A Obed anachita ngati sanamve. "Kugulitsa chinthu chakale kuli ndi nzeru zake. Ndinakatsuka ndi sopo, ndinasintha oyilo, ndinapukuta ngakhale masipoko limodzilimodzi. Mapepala ndinawasanja mu envulopu, buluu buku pamwamba. Ndiye mtengo umayambira kumwamba, kuti wogula akamatsitsa mukumane pakati. Ine ndinati naini handiredi sauzande, mtima uli pa faifi. Mukudziwa anayankha bwanji? 'Chabwino, madala.' Basi!" Anaseka mpaka kutsokomola.

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi pepala la mgwirizano. Wogula anasaina kuti Trust Banda. Judith anayimba nambala ya foni yolembedwa pamenepo, koma sinkapezeka.

"Anakayesa kukayendetsa?"

"Sanakalize n'komwe," anayankha a Susana. "Anangonjuta kumbuyo kwake, kuyang'ana, kuyang'ana, kenako anafunsa mapepala, n'kukakweza papikapu. Ine ndinawauza awa kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anati ndine wansanje."

"Kanali kofiira?"

"Kabuluu. Kakang'ono ngati mwana wa mbuzi."

"Kangakwere Kadzamira ndi anthu awiri?"

A Susana anayika lichero pansi kuti aseke bwino. "Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikutsika pachitunda chimenecho n'kumayenda wapansi, awa ali patsogolo phe-phe-phe. Nthawi zina ndinkawapitirira. Kafunseni Kalebe, makaniko wa ku Mponela, amene ankakakonza."

Pamenepo Judith anawauza chimene anabwerera. Anafotokoza za mayi wothyoka dzanja, za amuna awiri ndi njinga yofiira, ndi za nambala imene inali kumbuyo kwake. Atatchula kuti mayiyo ndi mwini shedi ya soya ya pa Kadzamira, chitsononkho chimene chinali m'manja mwa a Obed chinagwera m'dengu. Nkhope ija inazima.

"Shedi ya mayi Kamphinda?" anafunsa motsitsa.

"Mukuwadziwa?"

"Ndimangowamva."

"Abambo, ine kuti ndipeze nyumba ino ndasochera kawiri. Wogulayo anafika bwanji? Anamulondolera ndani?"

A Obed anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali.

"Ndinakumana naye ndekha ku Mponela. Palibe amene anamubweretsa."

Judith anacheukira a Susana. Mayiwo anali atatolanso lichero koma sankapeta. Maso anali pansi, milomo atayimanga.

"Ngati mukufuna munthu woti mutenge," anatero a Obed akuyimirira, "nditengeni ine. Nambalayo ndi yanga."

Judith sanawatenge. Pobwerera, mphepo ya mu Juni ikumumenya kumaso, ankangodzifunsa chimodzi: mkulu wa mpingo amene sanatuluke pamudzi kuyambira Malichi, akunamira ndani?

*

Loweruka m'mawa Mponela inali itadzaza ngolo ndi malole a chimanga. Judith anamupeza Kalebe kuseri kwa msika, pansi pa chisakasa cha malata akale, mutu uli m'mimba mwa njinga ya kabaza.

"Kamthuthuthu ka madala Chitedze? Aaa, bwana, kameneko ndi ka m'banja mwathu. Ndinayamba kukagwira ndilibe ndevu." Anadzipukuta manja pa ovolosi. "Madala ali bho?"

"Anakagulitsa. Inu mukanakagula zingati?"

"Ine? Folo handiredi, komanso chifukwa cha ulemu."

"Anapatsidwa naini."

Kalebe anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala. Kenako kuseka kunatha mwadzidzidzi. "Dikirani kaye. Mapepala anali onse?"

"Onse."

"Ndiye sanagule njinga ameneyo, bwana. Anagula nambala." Anatsitsa mawu. "Pali njinga zikuluzikulu zikumalowa mozemba kuchokera kumalire, zopanda pepala ngakhale limodzi. Ukayenda nayo yopanda nambala, pachipata chilichonse akukuyimitsa. Koma ukamangapo nambala yeniyeni, wapamsewu amangoona kuti ilipo, n'kukukupizira dzanja kuti pita. Ndipo zikavuta, amakagogoda kwa mwini nambala, osati kwa iwe. Madala aja awaveka mlandu ali m'tulo."

"Nanga kanjingako amakachita chiyani?"

"Amakagulitsanso kumudzi, kumene palibe amafunsa nambala. Theka la ndalama labwerera." Kalebe anamenya pamphumi ndi chikhatho, n'kusiyapo girisi. "Mayo ine, mutu wanga! Kanabweratu pano Lolemba!"

Judith anatsegula kabuku kake.

"Kanabwera ndi mayi wina. Akuti anabwera kudzaona mwana wake kuno, kanamuzimira panjira. Pulagi. Ine kungokaona ndinati, aka si ka madala aka? Popondera phazi lakumanzere ndinawotcherera ndekha chaka chatha, ndipo kuwotcherera kwanga sindingakuyiwale, n'konyansa. Kumbuyo kunalibe nambala. Ndinamufunsa, anati wagula. Ndinangoti basi madala atopa nako."

"Mayiyo ndi wa kuti?"

"Wa ku Chezi. Amagulitsa tomato pamsewu. Dzina ndayiwala, koma simungasochere. Anamangirira dengu lalikulu kumbuyo, lalikulu kuposa njingayo."

*

Kalebe sananame. Pamsika wa m'mbali mwa msewu ku Chezi, pakati pa milu ya tomato ndi anyezi, kanjinga kabuluu kanali katayima pansi pa mtengo, dengu lili kumsana. Pamene pankayenera kukhala nambala panali timabowo tiwiri, dzimbiri lake litapalika kumene.

Mwini wake anali mayi Lenia, wamasiye wa zaka za m'ma makumi asanu. Ataona yunifolomu anagwada pafumbi.

"Dzukani, mayi, simunalakwe kanthu," anatero Judith, n'kukhala nawo pabenchi. "Ndikungofuna kudziwa za njingayi."

"Ine, bwana, chibadwire sindinabepo. Mulungu ndi mboni. Ndinasunga zaka ziwiri. Miyendoyi inatopa kusenza tomato kuchokera kudimba." Ankayankhula pang'onopang'ono, akupotokola nsonga ya chitenje. "Kodi ndi yakuba? Ndinadziwa ine. Zabwino sizindikhalira."

"Si yakuba. Munayigula liti?"

"Masabata awiri apitawo. Lachisanu."

"Nanga Lachinayi lapitali, cha m'ma teni koloko m'mawa, inali kuti?"

"Pompano. Imakhala pompano kuyambira sikisi mpaka dzuwa kupendeka."

"Pompano, bwana!" anakuwa mayi wina wa anyezi amene ankamvetsera. "Lachinayi tinkawaseka, tayala linali litaphwa. Anapopa ndi aja a chimanga chowotcha."

Amayi ena atatu anavomera pamodzi. Judith analemba mayina awo, mtima ukumupepuka. Kamthuthuthu ka a Obed kanali ndi mboni zinayi kuti pamene Mirriam ankakhwekhwerezedwa pa Kadzamira, iko kanali ku Chezi ndi tayala lakuphwa.

"Anakugulitsani ndani, mayi?"

"Bambo wina wachinyamata, waulemu kwambiri. Anabwera nayo papikapu. Anati ndi ya amalume ake, adwala maso. Mapepala anati anatayika, n'chifukwa chake anatsitsa mtengo."

"Anati dzina lake ndi Trust?"

"Dzina sananene. Ine sindinafunse, n'kupusa kwanga."

Judith anatseka kabuku. Njira inkaoneka ngati yathera pomwepo. Anali atayimirira kale pamene mayi Lenia anayamba kumasula mfundo ya pachitenje.

"Kaya izi zingathandize. Ankafuna ndalama zapamanja, koma zinapelewera pang'ono. Anadandaula, anayenda uku ndi uku, kenako anati zotsalazo nditumize pafoni. Mwana wanga anandiuza kuti uthenga wotere ndisamafufute."

Anapereka kafoni kakang'ono kosweka galasi. Judith anatsitsa mauthengawo mpaka pa Lachisanu lija. Dzina la wolandira linalembedwa m'zilembo zazikulu.

ELIA CHITEDZE.

Anawerenga kawiri. Dzina loyamba analimva m'chipatala, kwa Mirriam. Dzina lachiwirilo linali pa pepala la mgwirizano kwa Gwedeza.

*

Dzuwa linali litapendeka pamene Judith anafika pashedi ya pa Kadzamira. Panalibe alimi. Mwamuna wa zaka za m'ma makumi atatu, wamapewa otambalala, ankasoka matumba a soya pafupi ndi sikelo. Atamva njinga anadzutsa mutu, n'kuyang'ana yunifolomu, n'kuyang'ananso chipata cha kumbuyo chimene chinali chotsegula. Sanathawe. Analasa singano m'thumba n'kuyimirira.

"Ndinu Elia Chitedze?"

"Ndine."

"A Obed Chitedze ndi ndani wanu?"

"Amalume."

"Ndachokera ku Chezi, kwa mayi wa tomato."

"Ine Lachinayi ndinali pompano. Alimi makumi awiri anandiona. Ndine ndinawanyamula amayi kupita nawo kuchipatala."

"Ndikudziwa. Sindinanene kuti munali panjinga yofiira. Ndikufunsa amene anatengera Trust kwa amalume anu, amene anagulitsa kanjinga kopanda nambala ku Chezi, ndi amene anauza anthu awiri aja nthawi imene abwana anu amatsika pamphambano."

Kunja nkhunda zinkatola soya wotayika.

"Anandilonjeza kuti sawakhudza," anatero Elia. "Anati angotsomphola chikwama basi. Sindinkadziwa kuti amayi akakamira."

"Anthuwo ndi ndani? Ali kuti?"

Elia anapukusa mutu. "Ndili ndi ana awiri. Anthu amenewo akudziwa pamene ndimakhala."

"Ndiye mlandu wonse mudzausenza nokha. Ndipo nambala ikadali m'dzina la amalume anu."

"Amalume sakudziwa kanthu! Lembani zimenezo. Sakudziwa kanthu." Anatambasula manja onse awiri kuti amangidwe. Kuchokera pamenepo mpaka kukafika ku Boma sanatsegulenso pakamwa.

*

Lamulungu m'mawa mabelu a tchalitchi akulira, Judith anapeza anthu awiri atakhala pabenchi ya kunja kwa polisi. A Obed anali atavala jekete lakuda la kumpingo, nsapato zili mbuu ndi fumbi. A Susana ananyamula kambale kokulunga m'nsalu.

"Mwabwera bwanji?"

"Wapansi," anayankha a Susana. "Tanyamuka kukuyera. Awa anakana kudikira galimoto."

A Obed anayimirira n'kuvula chipewa. "Ndabwera kudzakuuzani kuti ndinanama, mwana wanga. Ku Mponela sindinapiteko. Wogula anabwera ndi Elia."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, abambo. Elia tinamumanga dzulo, ali muno."

"Ndinaona kuti mwadziwa." Anapotokola chipewacho m'manja. "Mayi ake anali mlongo wanga. Anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake sitikuwadziwa kumene analowera. Ndinamutenga, ndinamupatsa dzina langa. Pamene munatchula shedi ija, ndinangomva mumtima kuti ndi iyeyo. Ndinati bola ndikagone m'chitokosi ine, masiku anga ndi ochepa kale."

"Usiku uwiri sanagone," anatero a Susana. "Dzulo ndinawafunsa kuti, mukabisa njoka m'nyumba chifukwa munayilera, mawa ikaluma mwana wa mnzanu mudzati chiyani? Sanandiyankhe. Lero angodzuka n'kuvala jekete."

Judith anaganiza pang'ono. Sizinali zoti wachibale azionana ndi womangidwa mafunso asanathe, koma iye anali atafunsa kale mbali zonse ndipo Elia anali ngati mwala. Anawalowetsa mu ofesi yake, n'kutuma kuti amubweretse.

Elia atalowa n'kuona amalume ake, anakhala pansi pa simenti, mutu pakati pa mawondo.

"Wadya?" anafunsa a Obed.

Elia anapukusa mutu. A Susana anamasula nsalu ija n'kumuyikira mbatata yophika pafupi ndi phazi.

"Tandiyang'ana, Elia."

"Sindingathe, amalume."

"Ine sindikuona bwino, ndiye usaope maso anga. Dzutsa mutu."

Anadzutsa. Misozi inali itadula mizere pa fumbi la kumaso.

"Chinakusowa n'chiyani?"

"Sindikudziwa, amalume. Ndinkaona ndalama zikudutsa m'manja mwanga tsiku ndi tsiku, ine n'kubwerera kunyumba ndi matuza. Anandipeza pamowa. Anati akufuna nambala yokhala ndi mapepala, ndipo ndinakumbukira kuti inu mukugulitsa." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ankafuna kukupatsani folo. Ine ndinakana. Ndinati amalume anga muwapatse zimene atchule, osatsitsa ngakhale tambala, apo ayi ine ndatuluka. Ndinkafuna mukachotse ng'alazo. Ndinkati pa zonsezi, inu mupezepo chabwino. Sindinkaganiza kuti wina angawerenge nambala."

A Obed anavula magalasi n'kuwagwira m'manja.

"Masabata atatu ndakhala ndikudzitama," anatero. "Mudzi wonse ndauza kuti ndimadziwa kugulitsa. Kumpingo ndinayimirira n'kuthokoza Mulungu. Kani ndinkathokoza dzanja la mayi uja."

"Ndikhululukireni."

"Za kukhululuka tidzakamba, nthawi ilipo. Panopa tchula mayina."

"Adzapha ana anga."

"Ana ako akagona kwathu lero lomwe," anatero a Susana. "Ndawatumira kale mawu amayi awo. Wofuna kuwakhudza adzayambe wadutsa pa ine."

"Wamva," anatero a Obed. "Ndinakulera kuti ukalakwa uzinena. Unkanena uli mwana, ngakhale udziwe kuti kubwera chikwapu. Nena."

Elia anayang'ana Judith. Judith anatsegula kabuku.

"Trust si dzina lake. Ndi Nedson, amakhala kuseri kwa chigayo chakale potuluka mu Mponela. Mnzakeyo amangomutcha Wezzie. Njinga yofiira ili m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba ya Nedson, yafundidwa ndi mapesi. Chikwama chili momwemo, anagwirizana kuti agawana zinthu zikazizira." Anapumira m'mwamba. "Koma amva kuti ndamangidwa. Nedson ananena kuti zikadzavuta adzawolokera kumalire. Sachedwa."

Judith anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangopitirira naini koloko. Anatuluka kukauza bwana wake, ndipo posakhalitsa galimoto inali italira panja, apolisi atatu akukwera kumbuyo.

Judith atabwerera kudzatenga chipewa chake patebulo, a Obed anamugwira mkono.

"Ndalama zija za njinga zilipo zonse, sindinakhudze. Ndibwera nazo mawa, muone nokha kumene ziyenera kupita."

"Nanga maso anu, abambo?"

"Adikira." Anavala chipewa. "Koma tandiuzani musanapite. Mayi Kamphinda agonekedwa wodi iti?"

"Ya amayi, bedi la pakona. Koma ndikuchenjezeni, ali ndi ukali. Akadziwa kuti ndinu ndani, sakulandirani bwino."

"Asatilandire bwino," anatero a Susana, akupinda nsalu yawo. "Akalipe mpaka atope. Ife tikakhala pomwepo."

Galimoto itakhota pachipata, Judith anacheuka. Awiriwo anali akuwoloka msewu kulowera kuchipatala, a Susana patsogolo, a Obed pambuyo atagwira nsonga ya chitenje chawo.